Geti la boma linandikana

Ndikulemba izi tikiti ya ndege ili m'thumba. Musandimvere chisoni, dzenje limeneli ndinakumba ndekha, ndi pakamwa pangapa.

Zaka zonsezi ku Doha kuno ndakhala mlonda pa geti la sukulu ya boma yophunzitsa ntchito zamanja, zowotcherera ndi zamagetsi. Pachifuwa ndinkavala baji ya sukuluyo. Ndiye Lachisanu tikatuluka mu mzikiti, anzanga a m'mahotela ndinkawauza kuti, "Inu ndinu a makampani, ine ndine wa boma!" (Mawu anga ndi aakulu chibadwire, ndikanong'ona ku Bin Omran amamva ku Abu Hamour.)

Mwezi watha kunabwera kalata yoti ntchito yatha, ati ndakalamba. Ine? Mano onse alipo! Che Saidi, dalaivala amene timagona chipinda chimodzi, anati, "Madala, tiyeni ku ofesi ya leba mukadandaule, koma ndiyambe ndawerenga mapepala anuwo." Ndinakana. Ndinati mapepala a boma sawerenga munthu wamba. (Zoona zake n'zakuti zolemba za kuno kwa ine ndi mapazi a nkhuku, ndipo sindinkafuna adziwe.)

Ku leba tinapeza kalaliki waulemu ndithu, Che Saidi n'kumamasulira. Funso loyamba linali loti anandilemba ntchito ndani.

"Boma!" ndinayankha, mpaka mzere wonse unacheuka.

Che Saidi anandikodola. "Madala, tsitsani mawu. Mupatseni chiphaso chanu aone yekha."

"Chiphaso cha chiyani? Baji iyi sakuiona?"

Kalaliki uja anayang'ana baji, n'kunena kuti ngati ndili wa boma ndiye pano si panga. Lamulo la leba ndi la antchito a m'makampani ndi m'mafakitale, a boma ali ndi lamulo lawolawo, ndikadandaule komweko.

Apa m'pamene munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinamenya tebulo.

"Muuzeni kuti sukulu imeneyo ndi fakitale! Muli makina, muli utsi, zitsulo zimalira tsiku lonse. Mumalowa ana osadziwa kugwira hamala, mumatuluka amisiri. Kupanga kumeneko si kupanga?"

Che Saidi anamasulira mawu atatu okha, maso ali pansi.

"Baba," anatero kalaliki, "ndinu wa boma kapena wa fakitale?"

"Zonse ziwiri!"

"Khalas," anatero, kutanthauza kuti basi zatha, n'kuitana wotsatira.

Ndinapita kusukulu kuja kukadandaula ku boma langa. Pa geti langa, pampando wanga, panali mlonda watsopano wa ku Nepal. Anandifunsa chilolezo cholowera. Ine, amene ndinkadziwa ngakhale mphaka wa pamenepo! Milungu iwiri ndinkabwera kudzaima padzuwa, thukuta mpaka m'nsapato. Potsiriza mkulu wina wa mu ofesi anandimvera chisoni, anafufuza pa kompyuta, n'kundiuza kuti dzina langa mulibe ndipo silinakhalemo. Alonda amachita kuwabwereka ku kampani.

Tsiku limenelo ndinapereka chiphaso kwa Che Saidi. Anachitembenuza kumbuyo, n'kuwerenga dzina la kampani ya ulonda. Anthu amene zaka zonsezi ndinkayesa kuti boma linawalemba kuti azingotinyamula pa basi.

"Madala, ofesi ya leba ija inali yanu. Mukanangotulutsa kachiphasoka."

Tinathamangirako. Kalaliki uja anati dandaulo ndikhoza kulemba, koma chilolezo changa chokhalira m'dziko muno kampani yathetsa kale, masiku atsala owerengeka. Mlandu ungathe ine ndili kumudzi ndikupalira chinangwa.

Che Saidi akuti ndiphunzire kufunsa. Mwina. Koma dzulo mayi akunyumba anaimba foni kuchokera ku Mangochi, ati abale onse asonkhana kudzalandira munthu amene wapuma ntchito ku boma. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze zoona, Mulungu ndi mboni. Zimene zinatuluka n'zakuti, "Muwauze abwereke mipando yokwanira!"