Tsiku Limene Ndinamudzoza Tadala Mafuta

Kodi mwana wamkazi akamapita kukanyamulidwa m'mwamba ndi mwana wa eni ake, pa ayezi, anthu akuonerera, mayi amamukonzekeretsa bwanji? Funso limeneli ndinafunsa titatuluka m'tchalitchi ku Whitmore Reans, pali manesi awiri, achimwene ena ochita PhD ndi mayi busa. Mayi busa anati, "Amake Tadala, ife ayezi timangodziwa wa mufiriji."

Tadala wanga ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Zotsetsereka pa ayezi anayamba ndi a kusukulu kwawo ku Tipton, kenako mphunzitsi wake, Mayi Doreen, anamuphatikiza ndi mnyamata wina dzina lake Gareth kuti azisewera awiri. Loweruka lapitalo kunali mpikisano ku Birmingham, ndipo mayi ake a Gareth anali atanena kale kuti anawa akakalephera kunyamulana bwino, amufunira mwana wawo mnzake wina. Sabata yonse Tadala ankangojompha chakudya ngati nkhuku yodwala.

Ine chondisowetsa mtendere chinali chinanso. Kadiresi ka mpikisano n'kopanda manja, kumsana n'kotsegula, ndipo mukudziwa mmene khungu lathu limatuwira m'chisanu cha kuno. Mwana wanga akaime pamaso pa majaji ali mbuu ngati wagona paphulusa? Anthu akati alibe mayi?

M'chipinda chovalira ndinatulutsa botolo langa la mafuta odzola osakaniza ndi glisilini.

"Mum, that's too much."

"Khala chete iwe, ukufuna ukandichititse manyazi?"

Ndinamudzoza mikono, msana, m'khwapa, zikhatho, mwana mpaka anawala ngati chitumbuwa chongovuulidwa kumene. Potuluka tinakumana ndi Gareth, ndinamupatsa moni wa pamanja, ndiye kumva manja ake okhakhala ngati khungwa la mtengo, osweka ndi kuzizira. Chisoni chinandigwira. Ndinamuthira nayenso, ndikumuuza kuti atikite bwino pakati pa zala, iye mwaulemu wake n'kuthokoza.

Mpikisano usanayambe amawapatsa mphindi zochepa zoyeserera. Gareth anamugwira Tadala m'khwapa kuti amukweze, mwana anangopulumuka ngati mlamba n'kukhala pansi. Anayesanso, chimodzimodzi. Anagwirana manja kuti azungulire, aliyense anapita kwake, Gareth mpaka kukagunda khoma.

Mayi Doreen anamuitana Tadala, kumugwira mkono, kuyang'ana zala zawo, kununkhiza, kenako kutembenukira kwa ine. Apatu munthu wanzeru akanakhala phee pabenchi. Ine ndinasolola chitenje m'chikwama kuti ndikamupukute mwana, ndinatsegula kachitseko n'kuponda pa ayezi ndi nsapato zanga za kutchalitchi. Phazi lina linalowera ku Walsall, lina ku Wolverhampton. Ndinagwa chagada, chitenje kumaso. Gareth anabwera kudzandidzutsa, koma ndi manja ati? Tinagwirana, tinapulumukana, ndinagwanso. Anachita kundikoka ndi chitenje chomwecho mpaka m'mbali ngati thumba la chimanga, uku bambo ake a Tadala akujambula zonse ndi kamera ya vidiyo yobwereka, tepi yoti titumize kumudzi kuti akaone mmene tikutukukira.

Mayi Doreen anathamanga nawo anawo ku kantini kukawatsuka ndi sopo wotsukira mbale. Tadala anabwerako wotuwa kuposa mmene ndinamuonerapo chibadwire chake, osandiyang'ana n'komwe. Nyimbo yawo itayamba ndinatsinzina n'kuyamba kupemphera, mpaka bambo ake anandigwedeza. "Amake Tadala, tsegulani maso, ali m'mwamba." Analidi m'mwamba, manja atatambasula, ndipo anatsika bwinobwino. Anakhala nambala yachitatu.

Poimika magalimoto ndinaona mayi ake a Gareth akubwera molunjika kwa ine. Ndinati basi, mwana wanga ndamuthetsera masewera ndi manja anga. Ndinayamba kupepesa asanafike n'komwe. Iwo anangoti anawa apitiriza limodzi, akayeserera Lolemba m'mamawa monga mwa nthawi zonse. Kenako anayang'ana uku ndi uku, kutsitsa mawu, n'kundifunsa ngati ndingawagawireko mafuta amenewo, chifukwa zidendene zawo zinang'ambika kalekale ndipo za ku famase zonse zalephera.

Ndinawapatsa botolo lonse. Tadala anadzandilankhulanso Lachiwiri, nditalumbira kuti pa tsiku la mpikisano sindidzamukhudzanso, atuwe mmene angatuwire. Koma ine ndimadzidziwa. Mwezi wamawa akuseweranso, ndiye chonde anzanga, mmodzi wa inu abwere adzakhale nane pabenchi, adzandisungire chikwama, ndipo akaona ndikudzuka adzandikoke diresi.