A Wyson ndi Munda Wawo wa M'foni

Ku Kabudula aliyense ankadziwa kuti a Wyson sapezeka pakhomo, amapezeka pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Netiweki imagwira pokhapo, ndiye mkuluyu ankatandala pomwepo, kulima munda wa m'gemu ya pafoni.

Koma kalimidwe kake, abale inu! Anzawo a pa intaneti ankalimbirana mphoto, nyenyezi ndi mathirakitala agolide. A Wyson ayi. Chimanga cha m'gemumo chimacha pompopompo, iwo n'kukana kukolola.

"Chimanga chanji chokhwima tiyi asanazizire? Chiyambe chauma kaye!"

Lamulungu sankaukhudza mundawo, ati ndi Sabata. Masiku enawo ankangolowa m'minda ya anthu osawadziwa, kuthirira, kupalira, uku akuseka okha ngati mutu sukuyenda.

Akazi awo, a Lidiya, zinkawapweteka koopsa. "Kodi bambo, mwapindulapo chiyani? Anzanu ali ndi mathirakitala, inu khasu lomwe lija. Fodya weniweni akukudikirani m'chigafa!"

"Mayi, taonani, uyu wa kutsidya kwa nyanja wanditumizira kankhope koseka. Kulimirana kumeneku, si dima yathu ija eti?"

Chaka chatha a Wyson atagonekedwa m'chipatala, anagwira dzanja la a Lidiya. Mayiwo anatchera khutu, poyesa kuti amva za ana.

"Munda wanga usaume."

"Wa kudambo?"

"Wa m'foni."

A Lidiya anapsa mtima, koma maliro a amuna awo atatha mawu aja anawasowetsa mtendere. Foni yamtunduwu sankaidziwa n'komwe. Anakwera chulu chija mawondo akuwawa, kudina apa, kudina apo, foni n'kuwayatsira tochi. Mawa lake inawatsegulira wailesi. Anakhala pansi n'kulira mokweza.

"Ambuye, chinthu chimodzi chokha chimene anandipempha, chindikanike?"

Tsiku lina, osadziwa kuti adina pati, gemu ija inatseguka. A Lidiya anatsinzina, poopa kuona mapesi okhaokha.

Atatsegula maso, munda unali biriwiri. Tianthu tachilendo tinali piringupiringu m'menemo, kuthirira, kupalira. Ndipo chimanga chija palibe amene anachikolola.

Kuseri kwa tchalitchi pano kuli zii, phwete lija tinalisowa. Koma mukadutsako masana, kupatula Lamulungu, mukawaona a Lidiya pamwamba pa chulu, magalasi a amuna awo ali pamphuno, akuthirira minda ya eni.