Mleme Wovala Jekete

Mpaka lero ku kwaya ya kutchalitchi kwathu kuli anthu amene sandiyang'ana m'maso poopa kuphulika ndi phwete. Ine ndimangoimba besi yanga nditaloza maso kudenga. Nkhani yake ndi ya mileme, ndipo bola ndikuuzeni ndekha musanaimve kwa anthu okonda kukometsa nkhani.

Mkazi wanga, amayi a Tadala, amaphunzitsa bayoloje pasekondale ina kuno ku Dedza. Ine ndimaphunzitsa kupulayimale. Chaka chatha kunabwera a Kachingwe, ofufuza za zinyama ochokera ku yunivesite, kudzaona mitundu ya mileme ya pa Phiri la Dedza, kuyambira m'munsi mpaka pansonga. Ankafuna munthu wa konkuno wowathandiza. Mwa aphunzitsi onse a bayoloje m'boma muno, anasankha wanga (pambuyo pake ndinamva kuti anaphunzira limodzi kusekondale, ndipo tulo tanga tinathera pamenepo).

A Kachingwewo ndi aatali, oseka mano onse, a galimoto yoyera. Koma chimene chinandibaya kwambiri n'chakuti ankamuitana mkazi wanga kuti Eneless. Ine mwini wake ndinasiya kutchula dzina limeneli Tadala atabadwa, ndiye mlendo azilitchula pakhonde panga ngati akuitana mlongo wake?

Ntchito yawo inali yotere: dzuwa likamalowa ankatchera ukonde wopyapyala ngati tsitsi pakati pa nsungwi ziwiri. Mleme ukakodwa ankauyeza, kuuona makutu ndi mano, kenako n'kuumasula. Anayambira m'munsi, kufupi ndi midzi, kumene kuli mikuyu ndi mango. Mkazi wanga anabwera kunyumba nkhope ikuwala.

"Abambo a Tadala, mukanaona," anatero. "Wina wodya zipatso, nkhope yake ngati kagalu. Wina mphuno ngati tsamba. Timatumba toikamo mileme tinatithera."

Ndinayankha kuti zikomo kwambiri, n'kupitiriza kudya mbatata yanga.

Loweruka linalo anakwera kufika m'mapaini. Kumeneko mitundu inachepa, ati poti mulibe zipatso ndipo tizilombo touluka n'tochepa. Koma chimwemwe cha mkazi wanga sichinachepe. Ichi ndinachisunga mumtima. Kenako anandiuza kuti Loweruka lotsatira akupita pansonga penipeni, pamene mphepo imadula makutu.

"Kumeneko mwina tikapeza mtundu umodzi kapena iwiri, mwinanso osapeza kalikonse," anatero.

Tsono ine ndinakulira ku Mayani, mileme ndimaidziwa. Imakhala m'denga la tchalitchi ndi m'mitengo ya mango. Denga la kalasi yanga lokha lili ndi mileme yokwanira munthu kulemba buku. Ndiye taganizani: mileme ikuchepa, iwo akunkabe m'mwamba. Anthu akunka kutali ndi midzi, mileme ikutsala m'munsi. Mutu wanga unawonkhetsa yankho lake mosavuta.

"Amayi a Tadala, nanga mukupitiranji kumene kulibe mileme?"

"Kusapeza kalikonse ndi yankhonso. Tikufuna kudziwa pamene mitundu imathera."

Mawu amenewa sanali ake. Ndinamva fungo la a Kachingwe m'chiganizo chonsecho.

Loweruka litakwana ndinamuuza Tadala kuti ndikupita ku kwaya (Mulungu andikhululukire, ndinanyamuladi buku la nyimbo). Ndinavala jekete lakuda ndi chipewa cha ubweya chotsika mpaka m'maso, n'kudzera njira ya ocheka matabwa. Phiri limeneli ndimaliona tsiku lililonse ndili pakhonde, koma sindinkadziwa kuti limatalika munthu ukamalikwera. Pofika kumapeto a mapaini n'kuti chifunga chitatsika, ndipo mdima utagwa kale. Ndinaterereka pamasamba a paini n'kukhala pansi mopanda ulemu, koma nsanje inandidzutsa.

Kenako ndinamva kuseka. Kunali kuseka kwa mkazi wanga, kuja ankaseka tili pachibwenzi, kumene m'nyumba mwathu kunasowa kalekale. M'chifungamo ndinaona matochi awiri atayandikana kwambiri. Mtima unandiwawa zenizeni, sindinama. Ndinakonza mawu oti ndikanene, aulemu koma olasa, ndipo ndinauyatsa ulendo molunjika matochiwo.

Mawuwo sindinawanene. Ndinangomva chinthu chandigwira nkhope ngati kangaude. Ndinachikankha ndi dzanja, dzanja linakodwa. Ndinatembenuka, mabatani a jekete anakodwa. Ndinaponya mwendo, nsungwi imodzi inandigwera pamutu, ndipo ndinagubuduka ndi ukonde wonse mpaka kukatsamira mwala. Kanthu kakang'ono kanandimenya patsaya n'kuulukira m'chifunga.

Tochi yachitatu, imene sindinaione, inandiunika. Mwini wake anali a Zimba, mlonda wa nkhalango, amene timaimba nawo besi. Anandivula chipewa, anayang'ana ine, anayang'ana buku la nyimbo lili pa udzu.

"Aphunzitsi," anatero mofatsa, "kodi kwaya lero yasamukira kuno?"

A Kachingwe anayamba kundikodola ulusi umodziumodzi, mwaluso lomwe lija amachitira ndi mileme, uku akundifunsa ngati ndavulala. Ulemu wawowo unandipweteka kuposa nsungwi ija. Mkazi wanga sanaseke. Anangoima akuyang'ana chibowo chimene ndinang'amba.

"Munali mleme umodzi wokha," anatero. "Tinaudikira madzulo onse, ndipo sunali wofanana ndi ya m'munsi ija. Timati tiutulutse, inu mwafika."

Ndi pamene ndinadziwa chimene matochi aja anayandikanirana, ndiponso chimene chinamuseketsa. Potsika phiri anatsogola, ine ndikutsatira m'mbuyo. Kunyumba sanandikalipire. Anangoika ukondewo patebulo pamodzi ndi ulusi wakuda ndi singano. Unali ukonde wokhawo wabwino umene unatsala, ndipo a Kachingwe anali atatsala ndi Loweruka limodzi asanabwerere. Ndikanapanda kuusoka, ntchito ya mkazi wanga ikanathera m'mapaini, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti zimenezo sakanandiiwalira.

Ndinasoka mlungu wonse ndikaweruka, ndi zala zanga zozolowera choko. Lamulungu a Zimba anali atauza kale kwaya yonse, moti amayi ena a soparano anandifunsa ngati anandiyeza makutu ndi mano asanandimasule.

Loweruka lomaliza ndinakwera nawo poyera, nditasenza nsungwi. Tinadikira m'mphepo mpaka mano kugundana. Ndinapemphera kuti mleme ubwere, ine amene ndimathamangitsa mileme ndi tsache m'kalasi. Ndipo unabweradi, kamleme kakang'ono ngati chala chachikulu, kaubweya wambiri. A Kachingwe anati pamwamba pozizira chotere pamakhala mitundu yochepa yokha, yopirira mphepo ndi kuchepa kwa chakudya.

Atamaliza kukayeza, kanthuko kanali katazizidwa, kosatha kuuluka. Mkazi wanga anakabweza m'kathumba ka nsalu, n'kukalowetsa m'jekete mwake, pachifuwa, kuti kafunde. Ankakalankhula motsitsa mawu, akumwetulira. A Kachingwe anali uko akupinda ukonde, osayang'ana n'komwe.

"Amayi a Tadala," ndinatero, "inenso ndazizidwatu."

"Inu muli ndi jekete," anayankha osatukula mutu.

A Kachingwe anabwerera kwawo, ndipo ndinawatsanzika ndi manja awiri. Iwo ndilibenso nawo mlandu. Koma ndikakhala pakhonde madzulo n'kuyang'ana kunsonga kwa phiri, ndimakumbukira kuti kumeneko kuli kamleme kamene kanafunda pamalo panga, ndipo kameneko sindinakakhululukire.