A Sawaeng, Mlangizi wa Chamba cha M'bafa

A Sawaeng sankalonjera munthu asanalonjere dothi. Akafika pakhomo pako ankavula nsapato, kukudutsa ngati sanakuone, ulendo ku mphika wa chamba, n'kupisa chala cha mkombaphala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri. Akatero ndiye ankatembenuka kuti akuuze mlandu wako.

"Jamnian, wathiriranso."

"Ndangowaza pang'ono, amalume."

"Pang'ono? Muno mukhoza kuswana milamba. Chala chikatuluka chonyowa, madzi uwasiye, ukapeze china chochita. Chamba si mpunga."

Chinali chaka chimene boma linalola chamba, ndipo mumsewu mwathu mumzinda wa Khon Kaen aliyense anasanduka mlimi. Telala, wokonza njinga zamoto, ngakhale ine wootcha nkhuku, tonse tinali ndi miphika m'bafa, pansi pa mababu ofiirira, kuopa mvula ndi akuba. Tinkati tilemera. Mlangizi wathu, amene palibe anamusankha, anali a Sawaeng, munthu amene moyo wake wonse ankameta anthu tsitsi ndipo anali asanadzalepo ngakhale tsabola.

Chopweteka n'chakuti malangizo awo anali oona. Ankati dothi lizipuma, usakanize makoko a kokonati ndi mankhusu a mpunga, mphika ukhale ndi zibowo pansi. Ife tikatsatira, chamba chathu chinkasangalala. Chawo chokha ndicho chinkafa, chifukwa pa langizo lililonse iwo ankathirapo kanzeru kena kapadera. Dothi lawo anakalitapa kukachisi, patsinde pa mtengo wopatulika, ati ndi lodalitsika. Linabweradi ndi madalitso ake: mphutsi, nyerere, ndi tintchentche takuda todzaza bafa lonse.

Komatu iwo sankafuna chuma ngati ife. Ankafuna masamba odzaza dzanja limodzi basi. Akazi awo, a Thongbai, anadwala n'kusiya kudya, mpunga ankangouyang'ana. A Sawaeng ankakumbukira kuti kumudzi mayi awo ankaponya masamba a chamba mu msuzi wa nkhuku, wodwala n'kumanyambita mbale. Tinapereka masamba athu, a Thongbai anawakana.

"Ine ndinakwatiwa ndi mlangizi wa msewu wonse," anatero, ndi kamwano kawo kaja kamene matenda analephera kukachotsa. "Ndidya a iyeyo. Ndidikira."

Kenako kunabwera tiakangaude tofiira, tija timabisala kunsi kwa tsamba n'kumaliyamwa mpaka lichite mawangamawanga. Mankhwala ake a Sawaeng ankawadziwa, madzi a masamba a mtengo wa nimu ndi kasopo pang'ono, ndipo anatiphunzitsa tonse. Vuto linali lakuti iwo anali atalonjeza pamaso pa amonke, ansembe a kukachisi kwathu, kuti sapha chamoyo chilichonse mpaka akazi awo atachira. Ndiye ankatenga kaburashi kawo kometera, kusesera tizilomboto m'kapu mwaulemu, n'kunyamuka kukayendera alimi awo. A Boonlert okonza njinga ndi amene anawagwira akukutumulira kapuyo pa chamba chawo.

"Amalume, mukutani pamenepo?"

"Ndikutisamutsa. Kwanu kuno kuli chakudya chambiri."

"Nanga ine ndikatipopera nimu?"

"Tchimo limenelo ndi lanu, bambo. Ine ndatisiya tamoyo."

Titayamba kuwatsekera zitseko, analemba ganyu analimata. Ankawagwira pakhoma n'kuwatsekera m'bafa kuti adye tizilombo, ati nalimata sanalonjeze kanthu kwa amonke. Analimatawo anadya tintchentche mpaka kunenepa, koma tiakangaude sanatikhudze n'komwe.

Pamapeto pake kamtengo kawo kamodzi kanapirira, kowonda, kolekeza m'bondo, masamba ake achikasu ngati nakonso kakudwala. Nkhuku ndinapereka ine. A Sawaeng anathyola masamba, anaphika okha osalola munthu kugwira chikombe, ife tonse titadzazana pakhomo. A Thongbai analawa.

"Mchere wachuluka," anatero. "Zaka zonsezi kuphika simudziwabe. Onjezerani."

Anamaliza mbale yonse, n'kupempha mpunga. A Sawaeng anatuluka n'kukalirira kuseri kwa njinga za a Boonlert, ati utsi wa nkhuku zanga wawalowa m'maso, pamene tsiku limenelo sindinakoleze moto.

A Thongbai anadya bwino mwezi umenewo, koma matenda anali atapita kale patali. Anamwalira mvula isanathe.

Kwathu kuno, ukapereka chakudya kwa amonke m'dzina la womwalira, umatsanulira madzi pang'onopang'ono m'kambale ukumutchula, kenako madziwo umakawakhuthulira patsinde pa mtengo kuti zabwinozo zimufike. A Sawaeng ankachita zimenezi m'mawa uliwonse osaphonya. Tsiku lina ndinawatengera mpunga, ndinapeza kamtengo kaja kalefuka, mumphika muli matope okhaokha. Ndinapisa chala, ndikuti lero ndibweze chipongwe.

"Amalume, mwapha mbewu. Mizu yawola iyi."

"Ndikuona, mwanawe. Maso ndili nawo."

"Panja pali mtengo wa mango. Bwanji osakathira kumeneko?"

"Wa mango uja akazi anga sanadyeko. Akamva njala abwera pa uwu."

Ndinawasiyira mpunga uja n'kubwerera kwathu. Kamtengoko kanafa, iwo anapitirizabe kuthirira kandodo kouma, mpaka chaka chotsatira nawonso anawalondola akazi awo.

Kuchokera pamenepo malamulo a chamba atembenuzidwa kangapo, mababu ofiirira tinazima, ndipo palibe analemera. M'miphika muja tsopano muli tsabola. Umathirira mmene ufunira popanda wokudzudzula, ndipo tizilombo ta munthu timafera kwa mwini wake. Mumsewu mwathu muli mtendere, koma mtendere wake ndi wotopetsa zedi. A Boonlert, amene ankatukwana a Sawaeng kuposa tonsefe, ndi amene masiku ano amalawirira kukaperekera awiriwo chakudya kwa amonke. Ine ndimawasowa kwambiri amalume aja, ndipo ndikangonena zimenezi a Boonlert amawerama n'kuyamba kufunafuna sipanala.