Ndinamangirira Agogo pa Kaliyala

Pamsika wa Thambani sindidutsanso masana. Amene akufuna kuseka aseke msanga.

Nditasiya sukulu Fomu 2, abale anagwirizana kuti wopanda chochita ndine, ndizisamala agogo aamuna kumudzi. Malume a ku Blantyre anandilonjeza kuti mkuluyo akangolimba adzanditenga ndikaphunzire kuyendetsa galimoto. Ankatumiza mapiritsi ochepetsa mafuta m'magazi (mafuta ake ati? munthu nthiti zimawerengeka ali m'malaya) ndi lamulo loti nyama ya nkhumba asaione n'komwe.

Ine pofuna Blantyre ndinakhwimitsa zinthu. Nkhumba ayi, mazira ayi. Agogo anayamba kudandaula miyendo, kenaka kudzuka pamphasa kunasanduka nkhondo.

Ndinabwereka njinga kuti ndipite nawo kuchipatala. Poti manja awo sagwira, ndinawamangirira pa kaliyala ndi mphira, mmene timamangira thumba la makala.

"Iwe, ndine mbuzi ine?"

"Khalani chete agogo, mbuzi imalemerako."

Pamtsetse wolowera kumsika mphepo inabweretsa fungo la nyama ya nkhumba ya pachiwaya.

"Kapado uyo! Ima!" anakuwa agogo.

"Sitiima."

Anapendekera komwe kunali nyamako. Thumba la makala silipendekera lokha, ndicho ndinaiwala. Poti anali omangidwa, njinga inawatsatira, ine n'kutsatira njinga, mpaka m'ngalande. Ine pansi, njinga pamwamba panga, agogo pamwamba pa zonse. Anthu anathamangira kukamasula iwo. Mayi wina anandiloza chala: "Mwana wopanda chisoni iwe, kumanga kholo!" Wogulitsa nyama anawapatsa nthuli yopepesera, ine ndikubuula pansipo.

Kuchipatala wodwala ndinali ine. Dzanja linathyoka, anandiika chikhakha. Agogo analibe ndi bala lomwe. Adokotala atawayeza anati pa msinkhu umenewu, thupi litatha chonchi, mapiritsiwo ayambe aima, ndipo mkuluyo azidya chimene mtima wafuna.

Malume atamva anangoti pafoni, "Njinga yakukanika, galimoto ungaithe?" N'kudula.

Pano agogo amayenda ndi ndodo mpaka pamsewu. Anzawo onse anawaika kale m'manda, iwo akadalipo, ndiye inenso ndikadalipo. Dzulo anandiyang'anitsitsa ndikulimbana ndi batani la malaya ndi dzanja limodzi.

"Ukufooka, mdzukulu," anatero akutafuna. "Ukatsogola iwe, andisamala ndani?"