Wotchi ya amalume a Tiwonge

Nkhani iyi imandichititsa manyazi mpaka lero, koma poti mkazi wanga amaifotokoza mokokomeza pa ukwati uliwonse, bola ndidziyalutse ndekha.

Ine ndimakonda mipeni yopinda ya m'thumba. Ndili nayo khumi ndi iwiri, koma wapamtima ndi wa chigwiriro chamtengo umene bambo anga anabwera nawo kuchokera ku Joni. Vuto langa ndi limodzi: mtima ukakhala m'mwamba, dzanja limautulutsa lokha n'kumautsegula ndi kuutseka, ine osadziwa n'komwe.

Matipate anali atangoyamba kumene, ndipo aliyense m'tauni ankangokamba za mbava. Loweruka lina ndinanyamuka ku Ndirande kupita ku Chilomoni kukaonekera koyamba kwa amalume a Tiwonge, chibwenzi changa. Tiwonge anali atandichenjeza kuti amalumewo ndi a m'boma, osunga nthawi. Ukachedwa, ukwati wauphonya.

Minibasi ya ku Chilomoni inachedwa kudzadza, ndipo itanyamuka inkaima paliponse. Ine thukuta kamukamu mu suti yobwereka. Pambali panga panakhala bambo wina wa tayi, atavala wotchi yonyezimira.

"Bwana, taimu ili bwanji?" ndinafunsa.

Anandiuza uku akusendera kumbali. Patangopita kanthawi ndinafunsanso. Nditafunsa kachitatu, bambo aja anavula wotchi n'kundiika m'manja.

"Tengani, achimwene. Ine ndili ndi ana."

Za anazo sindinazimvetse, koma ndinaganiza kuti atopa ndi mafunso anga ndipo akufuna ndiziona ndekha. Ndinathokoza, n'kuyamikiranso kuti ndi yokongola. Pa siteji yotsatira anatsika ngati wakhala pa moto, wotchi n'kuisiya.

Ine si wakuba. Ndinadumpha n'kuwathamangira.

"Bwana, taimani! Sitinathane!"

Atacheuka anawonjezera liwiro, tayi ili pamsana, akukuwa kuti akuphedwa. Amayi ogulitsa tomato anabalalika. Nditaona amuna ena akutola miyala, m'pamene ndinayang'ana dzanja langa lamanja. Mpeni wa bambo anga uli yasa! Unali ukugwira ntchito yake kuyambira m'tauni.

Ndinaupinda n'kuliyatsa liwiro kudzera m'tinjira ta kuseri kwa nyumba za anthu. Kwa a Tiwonge ndinafika mochedwa ndi ola lathunthu, suti ili fumbi lokhalokha.

Tiwonge anandichingamira pageti, nkhope ili yakugwa. Anati ndisadandaule za kuchedwa, chifukwa amalume angofika kumene, chigawenga china chawalanda wotchi ndi mpeni wautali ngati chikwanje.

Kuthawa kunali kutaya Tiwonge, choncho ndinalowa. Pampando waukulu panali bambo aja, akumwa madzi a shuga, abale atawazungulira. Atandiona, kapu inagwa.

Ndinagwada, n'kupereka wotchi ndi manja awiri. Ndinafotokoza zonse mwachibwibwi, Tiwonge akundichitira umboni uku akulimbana ndi phwete. Amalume anayamba alamula kuti mpeni uikidwe patebulo, kutali ndi ine. Kenako anavala wotchi yawo pang'onopang'ono n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Wotchi mwabweza, zikomo," anatero. "Nanga mwana wathuyu mwabwera kudzapempha, kapena nayenso tingokupatsani kuti tipulumuke?"

Anandipatsa ndithu, koma mpaka lero akamabwera kwathu wotchi amaisiya kunyumba.

Amuna anzanga, popita kwa apongozi mpeni muzisiya, koma wotchi muzivala yanuyanu.