Kunenepetsa Tiyamike Lisanafike Lamulungu

Lolemba
Kalata ya alamu anga a Bonongwe yafika kuchokera ku Ntcheu. Akuti pachithunzi cha Khirisimasi mwana wanga Tiyamike akuoneka ngati nzimbe, anthu ayamba kunong'ona za matenda aja. "Kodi ku Amerikako mumadya nokha?" Malume wanji amene sanamugulirepo mwana ndi sokosi yomwe! A Phiri a kutchalitchi akupita kumudzi Lamulungu, atenga chithunzi china. Ndimunenepetsa basi.

Lachiwiri
Ndagula: mang'ina, majarini, chigubu cha mafuta, nkhuku yokazinga. Mandasi khumi ndi awiri patebulo. Iye akutuluka mbandakucha ndi nthochi imodzi. Nthochi! Wakwera sitima kupita kusukulu yake ku Foggy Bottom, kukapalasa bwato la mpikisano pamtsinje wa Potomac. Bwato lopanda ukonde, lopanda katundu, opalasa onse kuyang'ana komwe achokera. Ndiye yunivesite imeneyo. Mandasi sangatayidwe. Ndadya.

Lachitatu
Ndikufunsa m'Chichewa, akuyankha m'Chingerezi. Akuti lero opalasa onse amawayeza thupi. Kuwatsina pamkono, pamimba ndi pantchafu ndi kachitsulo konga nkhanu, kenako kuwamiza m'thanki ngati ng'ombe kudibi. Apeza kuti mafuta atsika, minofu yakwera. Akuseka, ati nkhani yabwino! Kwathu mkazi akataya mafuta timaitana abusa.

Lachinayi
Ndamukweza pasikelo ya kubafa, inenso ndakwera. Akundiposa. "Adadi, minofu ndi yolemera." Yolemera ikhale. A Bonongwe saona sikelo, aona masaya. Nkhuku ija yayamba fungo la firiji. Ndaipulumutsa.

Lachisanu
Wabwera ndi anzake anayi opalasa nawo. Mapewa ngati oumba njerwa, zikhatho zokhakhala, mbuyo phwatalala. Beseni lonse la supageti psiti ngati kwadutsa dzombe. Zikupita kuti? Mang'ina sanawakhudze, mmodzi wafunsa ngati ndi a galu. Ponyamuka wina wasuntha sofa ndi dzanja limodzi ine ndili pomwepo. Mang'ina ndamaliza ndekha, mokwiya.

Loweruka
Nzeru yomaliza: avale jekete langa la nthawi ya chisanu mkati mwa diresi. Wakana. Amake, pochokera kuntchito yosamalira nkhalamba, angondiyang'ana pamimba. "Bambo a Tiya, musiyeni mwana. Boolani bowo lina palamba wanuyo." Ndaboola ndi msomali. Lamba wa kuno ndi wabodza.

Lamulungu
Batani la suti lakana kulowa. Tajambulitsa panja pa tchalitchi ku Landover, kusitolo atsuka filimu mu ola limodzi. Tiyamike chilili ngati mlongoti. Pambali pake ine, masaya phwii, khosi lasowa, mimba patsogolo. A Phiri akulandira chithunzi: "Achimwene, koma Amerika yakuyanjani!"

Paja a Bonongwe anafunsa ngati ndimadya ndekha. Yankho lapita mu envulopu, ndamata ndi malovu anga omwe. Mafuta atsala theka la chigubu.